Tambala wa agogo sanali mlandu wanga ndekha

Inu amene mukundiimbira foni n'kungoti "kokoliriko" kenako n'kudula, Mulungu akukuonani. Kavidiyo kaja kondionetsa ndikulira ngati tambala kuhositelo kayambira pakati, ndiye imvani kwa mwini wake.

Tambala uja sindinagule. Agogo anabwera naye okha kuchokera ku Luchenza, atamukulunga m'chitenje mutu wokha uli kunja, pamodzi ndi nthochi ndi kalongonda wa m'bakuli. Pageti alonda aja amene amafufuza chikwama changa mpaka kununkhiza botolo la mafuta odzola, agogo anangowalonjera mwaulemu n'kuwatsegulira, tambala ali kukhwapa akuwayang'ana m'maso. Ndiye anayamba kulakwa ndani? Ine ndangofunsa.

"Udye wekha mdzukulu wanga, mutu ugwire," anatero agogo. Inu mukanawauza kuti malamulo a yunivesite sakulola? Kabuku ka malamuloko ndinakasayinira chaka choyamba osatsegula, ndipo kakhala kakugwira ntchito yabwino yochirikiza mwendo wa tebulo. Usiku umenewo ndi pamene ine ndi mesho wanga, mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, tinakasolola. Kuphika m'chipinda n'koletsedwa, ati mahotipuleti amatenthetsa mawaya n'kubutsa moto. Ziweto m'hositelo, ayi. Mlendo atuluke isanakwane 10 koloko usiku. Ndiye onani: tikamupha n'kukazinga, mlandu. Tikamusunga, mlandu. Akagona, ndi mlendo wogona, mlandu winanso. Nkhuku imodzi.

Mesho, munthu wa sayansi, anati zosavuta. Ati tambala amalira akaona kuwala, ndiye timutsekere mu wadirobu mumdima, sadziwa kuti kwacha. Digiri ya ameneyu akaiunike bwino asanam'patse.

Munali mu Julaye, chiperoni chitakuta Thyolo yense, kunja kuli zii, aliyense atadzipinda m'bulangete ngati bongololo. Itangokwana 3 koloko, wadirobu inalira. Abale, tambala wolira panja ndi wina, wolira m'bokosi la matabwa ndi winanso. Mawindo ananjenjemera. Othyola tiyi kumunda ananyamula madengu poganiza kuti achedwa. Ndikukhulupirira kuti ngakhale pa Sapitwa, mamita 3,002 m'mwambamo, mizimu inatembenuka.

Gogogo pachitseko. Alonda awiri, ndi a wadeni atafunda bulangete, tochi m'manja.

"Achimwene, muli nkhuku muno?"

"Ayi bwana, ndi alamu ya foni."

"Bweretsani."

Anaithimitsa okha foniyo n'kuigwira m'manja. Tonse chete. Ndinayamba kupuma, mpaka ndinamwetulira pang'ono ngati munthu wonamiziridwa amene wakhululuka. Pomwepo wadirobu inaliranso, ulendo uno mokoka mawu kumapeto.

Apa ndi pamene mukundiseka, koma dziikeni m'nsapato zopanda masokosi zimene ndinavalazo. Munthu ukapanikizika pakamwa pamayenda pokha. Ndinangomva ndikunena kuti, "Ndine bwana. Ndimatero mayeso akayandikira. N'zakumtundu."

A wadeni anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anakonza bulangete lawo paphewa n'kuti, "Tateroni timve."

Ndinayang'ana mesho, mesho akuyang'ana denga. M'khonde anthu anali atadzaza kale, ena atakwera pamabigiri kuti aone bwino. Ndinakhosomola. Ndinatukula khosi. Chifukwa chimene ndinakupizira mikono m'nthitimu sindikuchidziwa mpaka lero, palibe anandipempha zimenezo, koma ntchito ukaiyamba uigwire yonse. Ndinalira. Mawu anatuluka ngati chitseko cha chimbudzi chakumudzi. Mlonda mmodzi anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka.

Ndiye mwini ntchito m'katimo, atamva kuti tambala wina walowa m'dera lake, anayankha mwaukali, mapiko phaphapha kumenya matabwa. Ine pofuna kuphimba mawu akewo ndinaliranso. Iye anayankhanso. Tinapatsana choncho kanayi, ine kunja iye m'kati, ngati kwaya ya amayi ndi abambo, a wadeni akungotembenuza mutu uku ndi uku, tochi ikutsatira. Pomaliza anati, "Achimwene, pumulani. Ali m'katiyo ndiye akutha."

Atatsegula, anatuluka modzikuza, ataipitsira jekete yanga yokhayo, yomwe ndimayenera kuvala kukomiti ya chilango.

Kukomitiko ndinapita nditakonzeka, kabuku kaja nditakaloweza. Ndinawauza kuti patsamba lomwelo loletsa phokoso palinso mawu oletsa kujambula mnzako n'kufalitsa popanda chilolezo chake, komanso kuti dziko lino lili ndi lamulo la 2016 lokhudza kuzunzana pa intaneti. Munthu ali m'chipinda chake, kabudula wogonera wong'ambika, mawa lake ali m'magulu onse a WhatsApp mpaka kwa amalume ku Johannesburg, zimenezo n'zoona? Apampando anavomera kuti mfundo ndi yomveka, n'kupempha kuti aonere kavidiyoko ngati umboni. Anaonera katatu. Kachitatu anaitana mlembi wa ofesi yoyandikana.

Ndinapatsidwa kalata yochenjeza. Wojambulayo ati akumufufuzabe, ngakhale aliyense wamaso akuona kuti kanemayo anajambulidwa kuchokera pabedi lapamwamba la m'chipinda changa chomwe, ndipo pabedipo pamagona wasayansi uja.

Tambala anamutengera kukanyumba ka pageti kuti akasungidwe ngati umboni. Madzulo ake ndikudutsa ndinamva kafungo ka anyezi ndi tomato, umboni ukubwata mumphika, pa hotipuleti.

Agogo anaimba Lamlungu kufunsa ngati anali wonona. Ndinati eya agogo, kwambiri. Akufunanso chitenje chawo, ndipo sindikudziwa kuti ndikayambire pati kufunsa.