Dzino litasiya kuwawa ine ndinkati ndachira

Lilime langa mpaka lero limangopita pa mpata uja, kumanzere pansi, pomwe panali dzino lachiwiri kuchokera kumbuyo. Sindilituma ayi, limangopita lokha, ndikakhala mu basi ya ku Matero kapena pamzere ku banki ndimangozindikira kuti lili pomwepo likufunafuna chinthu chomwe chinatsala mu kambale ka adokotala mu July 2024. Anthu angapo akhala akundifunsa pa WhatsApp kuti paja iwe unachita bwanji nthawi ija, ndiye ndati ndingolemba kamodzi pano, ndatopa kujambula ma voice note ataliatali.

Zinayamba ngati zocheza. Ndikamwa madzi a mu filiji dzino linkangoti tswii kamodzi kenako zii, basi. Nshawa zokazinga zinkakakamira pamalo amodzimodzi, ine n'kumatokosa ndi kamtengo ka machesi, ndipo osadziwa ndinayamba kutafunira kumanja kokha. Miyezi yambiri ndithu ndili choncho. Ndalama yoti ndikaonetse inalipo, musaganize kuti unali umphawi, anali mantha chabe komanso kaulesi kaja koti aaa lisiya lokha.

Usiku womwe linandigwira zenizeni munali mu June, kukuzizira kwa Lusaka kuja kolowa mpaka m'mafupa, magetsi kulibe monga munali chaka chimenecho madzi atachepa ku Kariba. Cha m'ma 1 koloko ndinadzuka ngati wina akukhoma msomali m'chibwano, kugunda motsatana ndi mtima, du du du, ululu kukwera mpaka m'khutu ndi kuseri kwa diso moti sindinkadziwanso kuti lowawa ndi liti, mano onse a mbali imeneyo ankangokhala ngati agwirizana. Ndikagona pansi zinkanyanya, ndikakhala tsonga zinkachepako pang'ono. Ndinayatsa tochi ya foni, kuyasamula pa kalirole ku bafa, ndipo ndinachiona, chibowo chakuda choti mutu wa machesi unkalowa wonse. Munthu wamkulu wa ana awiri, ndinakhala m'mphepete mwa bafa misozi ili mbwe.

Kutacha madokotala anachuluka. Alamu anga, omwe amagwira ntchito pa galaji, anabwera ndi nzeru ya brake fluid, akuti kadontho kamodzi pa thonje nyongolotsi imafera pomwepo. Ambuya ku Katete pa foni anati ndiikemo fodya wa nsunko. Aneba anati ndiphwanye asipirini ndiike pa dzinopo. Ya brake fluid ndinakana, ndi poizoni uja ndipo ngakhale mutu unali utasokonekera ndinadziwa kuti za mu galimoto sizilowa m'kamwa, koma ya asipirini ndinachita, ndipo ndikupemphani musadzayesere. Asipirini ndi asidi, anawotcha nkhama mpaka inayera ngati pepala n'kuyamba kusupuka, dzino likuwawabe, tsopano ndili ndi mabala awiri m'malo mwa limodzi. Piritsi ndi lomeza, limagwira ntchito likalowa m'magazi, osati kuligoneka pa dzino.

Zomwe zinandithandizako zoona ndi zosavuta. Madzi ofunda mu kapu, mchere theka la kasupuni ka tiyi, kuchukucha n'kulavula kangapo pa tsiku. Ma clove aja amagulitsa m'mashopu a zokometsera ndiwo ku Kamwala, kuika kamodzi pafupi ndi dzino n'kukaluma pang'ono, muli mafuta ena ake otchedwa eugenol omwe amachititsa dzanzi, ngakhale madokotala a mano amawagwiritsa ntchito. Kugona mutu uli pamwamba pa mapilo awiri. Ndiye panado, mapiritsi awiri a 500 mg, kudikira maola 6, osapitirira mapiritsi 8 pa maola 24 chifukwa ukawonjeza amawononga chiwindi mwakachetechete, ndipo anthu ambiri dzino likawawa amangomeza ngati maswiti. Brufen ya 400 mg ndiye inkagwira bwino kuposa panado chifukwa imachepetsa kutupa, koma imafuna utadya kaye, ndipo amene ali ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso kapena amai oyembekezera asayambe okha asanafunse. Zonsezi ndi zongokufikitsa m'mawa basi, chibowo chija chimakhalabe pomwepo.

Apa ndiye pomwe ndinapusa. M'malo mopita kuchipatala ndinapita pa kadrug store kena ka mu komboni, mnyamata wake sanandiyang'ane n'komwe m'kamwa, anangondiwerengera makapisozi a amoxicillin ochepa mu kapulasitiki malinga ndi ndalama yomwe ndinali nayo. Patapita masiku anayi ululu unatha. Kutheratu. Ndinamwa madzi ozizira dala kuti ndiyese, zii. Ndinauza aliyense kuti makapisozi aja ndi ukatswiri, ndinadya chimanga chootcha pa City Market ngati munthu wopambana mlandu.

Adokotala atadzandijambulira pa kapepala pambuyo pake ndi pomwe ndinamvetsa chomwe chinachitika. Dzino lili ndi zigawo zitatu. Kunja kuli chikamba choyera, enamel, cholimba kuposa fupa lililonse m'thupi koma chilibe mitsempha, ndiye chikamabowoka sumva kanthu. Pansi pake pali dentine, yofewerapo, ili ndi timabowo tating'onoting'ono tolowera mkati, chibowo chikafika apa ndi pomwe umamva tswii uja ukamwa zozizira kapena kudya zotsekemera. Pakati penipeni ndiye pali kachipinda ka mtsempha ndi magazi. Tizilombo tikalowa mmenemo mtsempha umatupa, koma utupira kuti poti wazunguliridwa ndi khoma lolimba mbali zonse, n'chifukwa chake kumagunda kuja, ndipo ukagona magazi amathamangira kumutu ululu n'kuwonjezeka. Ukapirira, mtsemphawo umatha kufa. Wakufa samva kuwawa. Ndiye tsiku lomwe ine ndinkavina kuti ndachira linali tsiku la maliro a dzino langa, makapisozi aja sanachite kanthu, sangafike n'komwe mkati mwa dzino lomwe magazi sakuyendamo, ndipo tizilombo tinangopitiriza ulendo kutsikira ku mizu mpaka m'fupa.

Patatha milungu itatu ndinadzuka tsaya lili ngati ndabisamo chitumbuwa. Dzino linkamveka lalitali kuposa anzake, kungolikhudza ndi lilime ndinkalumpha, m'kamwa mukununkha, thupi likutentha, kuyasamula kukuvuta. Akazi anga sanafunsenso maganizo anga, anangoti atate ake, valani, khadi la inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA lili m'chikwama changa, tiyeni.

Ku Lusaka kuno malo oonetsa mano alipo, ku UTH, ku Levy Mwanawasa, ku sukulu ya za mano ku Thorn Park, m'zipatala za ku Matero, Chilenje, Kanyama ndi kwina, osawerengera zolipira. Ife tinapita chomwe chinali pafupi, tinalawirira, ndipo pa benchi paja aliyense anali atagwira tsaya, palibe wolankhula, amai ena atamanga chitenje kuzungulira mutu ngati amwalira kale. Adokotala anali mtsikana wamng'ono ndithu koma wosanyengerera. Atagogoda dzino ndi kachitsulo n'kuona x-ray anati, atate, apa pali mafinya pansi pa muzu, mukanabwera nthawi ya madzi ozizira ija tikanangomata, mphindi 30 mwatuluka. Anandifotokozera kuti dzino lakufa nthawi zina limapulumuka ndi root canal, amachotsa mtsempha wowolawo, kutsuka mkati mwa mizu n'kutseka, kungoti zimadula ndipo umapita kangapo, koma langa khoma lake linali litagumuka kwambiri, panalibe chogwira. Lozula basi.

Chinanso anandiuza chomwe chinandiziziritsa nkhongono, ndipo ichi ndiye muchisunge ngakhale zina zonse muiwale. Kutupa kwa dzino kukayamba kutsikira pansi pa chibwano kapena kukhosi, kapena kukwera mpaka diso kuyamba kutsekeka, munthu akumavutika kumeza, kupuma kapena kutsegula pakamwa, thupi likutentha, imeneyo si nkhani yodikira kuche, ndi ya ku casualty usiku womwewo, chifukwa mafinya a dzino la pansi amatha kutupitsa pansi pa lilime mpaka kutseka njira ya mpweya. Anthu amafa nalo dzino. Makamaka odwala shuga zimathamanga.

Kuzula kwenikweniko, komwe ndinakuthawa pafupifupi chaka, sikunali kanthu poyerekeza ndi usiku wa mu June uja. Jakisoni analuma ngati nyerere yaikulu, kenako mlomo ndi theka la lilime zinachita dzanzi ngati si zanga. Chomwe umamva ndi kukankha ndi phokoso, kukukutika kwina kwake mkati mwa mutu ngati wina akuthyola nzimbe patali, koma ululu ayi. Litatuluka ndinapempha kuliona, ndinkafuna ndione nyongolotsi ya alamu anga ija. Mulibe nyongolotsi anthuni. Ndi dzino chabe labulauni, lobowoka ngati chitsa chodyedwa ndi chiswe, mizu iwiri, kunsonga kwa umodzi kuli kathumba ka mafinya. Chomwe chimabowola ndi asidi, tizilombo tosaoneka ndi maso tomwe timakhala mu zoyera zija zomata pa mano timadya shuga n'kutulutsa asidi, asidiyo n'kumasungunula dzino pang'onopang'ono.

Anandilumitsa thonje mphindi 30, n'kundilangiza kuti tsiku limenelo ndisachukuche, ndisalavulelavule, ndisamwe ndi straw kapena zotentha, fodya ayi, chifukwa magazi ogwirana pa dzenjepo ndiwo chivundikiro, akachoka fupa limakhala poyera ndipo akuti ululu wake umaposa wa dzino lomwe. Madzi a mchere ndinayamba mawa lake. Ulendo uno maantibayotiki anandilembera iwo chifukwa cha kutupa ndi kutentha thupi, ndipo ndinamaliza onse.

Nditabwerera anapeza timabowo tina tiwiri kumanja, mbali yomwe ndinkaidalira ija, tomwe sindinkatimva n'komwe. Anamata tsiku limodzi. Anandifunsa za tiyi, ndinati masupuni anayi a shuga, ndipo ndimamwa pang'onopang'ono m'mawa wonse pa ntchito, masana ka Fanta, madzulo maheu. Anaseka. Akuti vuto si kuchuluka kwa shuga kokha koma kangati pa tsiku, chifukwa ukangolawa chotsekemera asidi amagwira ntchito kwa mphindi 20 kapena kuposa malovu asanakonze zinthu, ndiye womwa tiyi m'mawa wonse mano ake amakhala mu asidi m'mawa wonse. Za kutsuka ndinkadziona ngati katswiri koma ndinkalakwitsa ziwiri, usiku sindinkatsuka, pomwe ndi nthawi yofunika kwambiri poti malovu amachepa ukagona, komanso ndikatsuka ndinkachukucha ndi madzi ambiri n'kutaya fluoride yense, uja woteteza mano wa mu mankhwala otsukira m'mano. Amati ungolavula thovu basi. Poyamba zimanyansa, pano ndinazolowera.

Mwana wathu wamkulu ali ndi zaka 7, tinamutenganso. Sindinkadziwa kuti dzino lakumbuyo lomwe limamera mwana ali ndi zaka 6 si la mkaka, silidzagwa kuti limere lina, limabwera mwakachetechete kuseri kwa 20 aja popanda kugwetsa lililonse, ndipo makolo ambiri likabowoka amati lisiyeni ligweruka. Lake lili bwino, koma ma freezit a pa geti la sukulu tachepetsa, nkhondo yake ndi nkhani ya tsiku lina.

Sabata yatha alamu anga anabwera kunyumba akutafunira mbali imodzi, nsima akuimeza ngati mapiritsi. Ndinawafunsa kuti alamu, dzino? Anati aaa linandivuta masiku atatu koma pano lasiya lokha, ndili bwino. Ndinangoyasamula n'kuwalozera mpata uja. Akuti apita mwezi ukatha.