Ulendo wautali, galimoto ikulira gu gu kutsogolo

Maganizo oti tiyende pa galimoto yanga anabweretsa ndi alamu anga, akuti yawo imamwa mafuta kwambiri. Ulendo wake unali wa tsiku lonse, chiyambi ndi tala wabwinobwino, pakati tala wa maenje, kenako msewu wa fumbi wa timabampu tija tondondozana, kumapeto kuli phiri la makona okhaokha. Yanga ndi ka sedani kakale ndithu, makilomita kanadutsa kale 200,000, koma injini yake ilibe vuto nde ndinangoti tiyeni alamu. Mmamawa matayala asanatenthe ndinayeza mpweya molingana ndi ka sitika kaja kali pa chitseko cha dalaivala, ndinaona oyilo ndi madzi, basi tinanyamuka AC ikuzizira bwinobwino.

Phokoso linayamba titalowa m'chigawo cha maenje chija. Si phokoso lalikulu ayi, kungoti gu gu chakumanzere kutsogolo, makamaka tayala limodzi likaponda kabampu linzake lili pa fulati. Alamu nthawi yomweyo, "mashoko amenewo alamu, atha." Ndipo aliyense amatero, chilichonse chikalira pansi pa galimoto mlandu umagwera mashoko. Koma shoko ikatha nthawi zambiri siyamba ndi kulira, imayamba ndi khalidwe. Zonyamula galimoto ndi masipuling'i, shoko ntchito yake ndi kuletsa sipuling'iyo kuti isapitirize kudumphadumpha, mkati mwake muli oyilo yemwe pisitoni imamukankha kudutsa m'timabowo ting'onoting'ono, nde kuvutika kwa oyilo podutsa pamenepo ndi komwe kumakhazika galimoto pansi. Shoko ikatha galimoto imayandama mukadutsa bampu, mphuno imagwa pansi mukaponda buleki, tayala limadyeka mabangamabanga, ndipo mukasuzumira mumapeza oyilo atayenderera m'thupi mwa shokoyo. Zonsezi yanga sinkachita. Tinaima pambali ndinakankha kona ya galimoto pansi mwamphamvu nkusiya, inakwera kamodzi nkukhazikika. Alamu anangoti kaya.

Pa msewu wa fumbi ndi pomwe zinandiopsa. Phokoso linachuluka, limenelo sindinadabwe nalo, koma chiwongolero chinayamba kukhala ngati chili ndi kampata pakati, ukachigwedeza pang'ono galimoto osayankha, kenako nkuyankha mochedwa, nde pa timabampu tija umangomva kunjenjemera m'manja. Ndinatsitsa liwiro mpaka 40 ndipo tinayenda choncho mpaka tinafika pa ka tauni kena komwe tinaona garaja, galimoto zingapo zili pa majeke panja.

Amakaniko ake anali bambo achikulire osayankhulayankhula. Sanafunse zambiri, anakweza kutsogolo pa jeke nkuika chitsulo chochirikiza, kenako anagwira tayala dzanja lina pamwamba lina pansi nkugwedeza. Zii. Akuti likanagwedera pamenepo bwenzi tikukamba za ball joint, mfundo yomwe tayala limakhoterapo, kapena bering'i. Atagwira kumanja ndi kumanzere nkugwedezanso, tonse tinamva, kho kho. Anandiitana, "bwana tabwerani mugwire apa," ndinagwira tie rod end, nsonga ya kandodo kolumikiza chiwongolero ndi tayala, iwo akugwedeza tayala, ndipo kusewera kwake kumamveka m'zala momwe. Kalabala kake kophimba kanali katang'ambika, girisi yense anatuluka, m'malo mwake munadzaza fumbi losakanikirana ndi madzi a mvula zapitazo. Mkati mwa tie rod end muli kampira kachitsulo kozungulira m'kachikho, ngati mfundo ya m'chiuno mwa munthu, nde mchenga ukalowa umangopala mpaka kampirako kayambe kusewera.

Koma gu gu uja sanali wa pamenepo. Anali wa ka stabilizer link, kandodo kakang'ono kolumikiza shoko ndi chitsulo chija chopingasa chomwe chimaletsa galimoto kupendekera pa kona. Nakonso labala wake anali atatha. Ndipo atalowetsa chitsulo pa control arm, mkono wolumikiza tayala ku thupi la galimoto, nkukanula, bush yake ya labala ya kumbuyo inaoneka ming'alu.

Ndinafunsa, "madala, pa zitatuzi chomwe chingatiphe ndi chiti?" Anaseka pang'ono. Akuti link ingosokosa basi mukhoza kukafika nayo, bush idikira koma isadikire chaka, koma tie rod end iyi sindikulolani kukwera nayo phiri. Ndipo ndi zoona, imeneyo ndi yomwe imagwira tayala kuti litsatire chiwongolero, ikazuka tayala limaloza kwake inu mukukhota kwanu.

Ndinakonda mmene anagwirira ntchito. Pomasula tie rod end yakale ankawerenga kuti yazungulira kangati pa ulusi, yatsopano nkuilowetsa kofanana, kenako anakoka chingwe kuchoka ku tayala la kumbuyo kufika la kutsogolo mbali zonse kuti aone ngati matayala alunjika. Anandiuza okha kuti izi nzongokufikitsani, mukabwerera mukapange alayimenti ya pa makina. Anthu ambiri pamenepa ndi pomwe timaluza matayala, chifukwa toe, kutanthauza mmene matayala akutsogolo alozerana kapena kutayana mukawayang'ana kuchokera pamwamba, imayezedwa ndi mamilimita, ikangophonya pang'ono tayala limayenda likukhula msewu chammbali ndipo mbali imodzi imatha kusalala mbali inayo ikadali yatsopano. Galimoto zing'onozing'ono zambiri kutsogolo zili ndi MacPherson strut, shoko ndi sipuling'i zili pamodzi, dzinalo ndi la injiniya wa ku America Earle MacPherson ndipo Ford anaika pa Consul ndi Zephyr mu 1950. Pa mtundu umenewu shoko imagwiranso tayala kuti liime mowongoka, nde ngakhale mutangosintha mashoko okha alayimenti ndi yofunikabe.

Tikudikira choncho dzuwa linali litafika pamutu, nde ndinawauzanso za AC, chifukwa chilowereni msewu wa fumbi inali itayamba zachilendo, tikathamanga ikuzizira, tikayenda pang'onopang'ono ikutulutsa mpweya wofunda. Alamu apanso anali ndi yankho kale, gasi watha. Ine mawu amenewa amanditopetsa. Gasi wa AC si petulo, sapsa, amangozungulira m'mapaipi otsekeka, kompresa imamupanikiza, kondensa yomwe ili kutsogolo kwa rediyeta imamuchotsa kutentha nkusanduka madzimadzi, akadutsa pa ka valavu kopanikiza nkulowa mu evaporator mkati mwa dashibodi amawira nkuyamwa kutentha kwa m'galimoto. Gasi wa m'galimoto yanga, R134a, amawira pa madigiri pafupifupi 26 pansi pa ziro, nchifukwa chake amazizira choncho. Akachepa ndiye kuti pena pake pakudontha, ndipo kungothira wina osapeza podonthapo ndi kutaya ndalama.

Amakaniko anayamba ndi zosavuta. Anayatsa AC nkuona ngati fani ya kutsogolo ikuzungulira, inkazungulira. Atawunika kondensa ndi tochi, abale, munali njere za udzu, tiziwala touma ndi fumbi zitamatirira mpaka timapepe take osaoneka. Pa liwiro mphepo imadzikakamiza kudutsa, koma mukayenda 40 fani yokha singathe kukoka mpweya pa chinthu chotsekeka chotero. Anatsuka ndi madzi a paipi mofatsa, akuti madzi a mphamvu kwambiri amapinda timapepeto. Anatulutsanso fyuluta ya mkati kuseri kwa kabokosi ka ku mpando wa pasenja nkuikuntha, fumbi lake alamu anachita kuthawa. Kuzizira kunabwerera, koma osati konse, ndipo kompresa inkangoti kete kuyaka, kete kuzima, pafupipafupi. Kenako anandilozera polumikizira paipi ina, panali kabanga ka fumbi lonyowa ndi mafuta. Oyilo wa kompresa amayenda limodzi ndi gasi, nde pomwe gasi akuthawira oyilo amasiya chizindikiro. Ka O-ring, labalanso.

Apa bambo aja anandisangalatsa, ananena mosabisa kuti makina a vakyumu ndi sikelo alibe, nde sagwirapo. Ena akanangobweretsa chitini nkuthira mongoyerekeza. Pansi pa boneti pamakhala sitika yonena mtundu wa gasi ndi magalamu ake, yanga imati R134a, 450 g, ndipo kupyoza muyezo kumakweza puresha nkuvutitsa kompresa chimodzimodzi kuchepa. Mitundu ya gasi siisakanizidwa. Galimoto zakale kwambiri zinkayendera R12 yemwe analetsedwa kutsatira pangano la Montreal Protocol la 1987 chifukwa ankawononga ozone, mpweya wa kumwamba wotiteteza ku cheza cha dzuwa, m'ma 1990 opanga galimoto anasamukira ku R134a, zatsopano zambiri pano zili ndi R1234yf, ndipo ngakhale timilomo tothirira anatipanga tosiyana dala.

Phiri tinakwera chakumadzulo. Chiwongolero chinali chitabwerera mwakale, kampata kaja kulibe, galimoto ikumva nthawi yomweyo, ndipo malo ake ndi okongola kwabasi, chigwa chonse chikuoneka pansi ndi mtsinje ukunyezimira, alamu kujambula mavidiyo osapuma uku gu gu wa link akumveka mu vidiyo iliyonse. Pa makona othina kwambiri lamba anayamba kulira tswii ndikakhota mpaka kumapeto. Pa galimoto yanga lamba mmodzi yemweyo amazunguza alternator, pampu ya power steering ndi kompresa ya AC, nde ukakhota mpaka chiwongolero kugunda pampu imalimba, kompresa nayo ikukoka, lamba wokalamba amaterereka. Ndinazimitsa AC nkutsegula mawindo, kulira kunasiya. Chiwongolero cha hayidiroliki sichifuna kuchigwira chogunda kumapeto kwa masekondi ambiri, oyilo amatentha ndipo pampu imavutika. Titafika pamwamba ndinatsegula boneti, oyilo wa power steering anali pang'ono pansi pa mzere, paipi yobwerera ili ndi chinyezi pa kilipi. Pa chivindikiro pamalembedwa oyilo woyenera, Toyota zambiri zakale zimalandira ATF, oyilo wa giyabokosi ya otomatiki, koma Honda imafuna wakewake, nde osangothira aliyense wofiira. Alamu apa anapeza ponyadira, power steering yawo ndi ya magetsi ilibe pampu ilibe oyilo. Ndinawakumbutsa kuti tie rod end ndi ma bush ali nazo ngati ine ndemwe.

Kumene tinkapita tinafika kutada, tinachita zomwe tinapitira, pobwerera tinayenda mofatsa AC tikuyatsa pa tala pokha. Kunyumba ndinayamba ndi link, ndinasintha mbali zonse ziwiri, kenako lamba ndi kilipi ya paipi ija, kenako alayimenti, ndipo makina anaonetsa kuti chingwe cha madala aja chinaphonya pang'ono zedi. Kwa a AC anachotsa gasi wotsala ndi makina, anasintha ka O-ring, anakoka vakyumu kwa mphindi 30 kuti mpweya ndi chinyezi zichoke, nkudikira kuona ngati geji ibwerera. Sinabwerere, kutanthauza kuti sipakudonthanso. Anathira 450 g pa sikelo, ka thermometer pa venti kanatsika kufika pa madigiri 7. Anandiuzanso kuti ndiziiyatsa mphindi 10 sabata iliyonse ngakhale kukuzizira, kuti oyilo azizungulira malabala asaume.

Kwatsala ma bush a control arm. Ndikasintha onse awiri mwezi wamawa, ndipo ndikaima pompo kuonetsetsa kuti mabawuti ake amangidwa komaliza galimoto itatsika, kulemera kuli pa matayala, chifukwa akamangira m'mwamba pa jeke labalayo amakhala wopotoka galimoto ikangotera ndipo sachedwa kung'ambikanso. Zikatero alayimenti ndiyambiranso.