Kusiya mfuti m'sitolo kuti akugulitsireni: mmene mtengo umakambidwira ku America

M'masitolo ambiri a mfuti kuno ku America muli kabati yagalasi ya mfuti zogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo zina mwa mfuti zimenezo si za mwini sitolo. Eni ake anazisiya pamenepo kuti sitolo iwapezere wogula, ndipo mfuti ikagulidwa, sitolo imatapapo gawo lake n'kupereka ndalama zotsala kwa mwini wake. Njira imeneyi amaitcha consignment. Nkhaniyi imandikhudza chifukwa ena mwa anthu amene amaigwiritsa ntchito sadziwa zambiri za mfuti: mayi wamasiye amene amuna ake asiya mfuti zosakira nyama m'kabati, kapena ana amene akugawana chuma cha bambo awo ndipo akungofuna kuti zida zimenezi zichoke m'nyumba mwalamulo. Anthu otere ndi amene amaluza kwambiri akapanda kumvetsa mmene ndalama zimagawidwira.

Munthu wofuna kugulitsa mfuti angathe kuigulitsa kusitolo n'kulandira ndalama tsiku lomwelo, koma sitolo imapereka mtengo wotsika, nthawi zambiri theka kapena kuposerapo pang'ono la mtengo umene ikuyembekezera kudzaigulitsira, popeza ndalama zake zikhala zitagona pashelefu mpaka wogula atapezeka. Angathenso kuigulitsa yekha kwa munthu wina, ndipo malamulo a dziko lonse amalola zimenezi pakati pa anthu okhala m'chigawo chimodzi, ngakhale kuti zigawo zina monga California zimalamula kuti malonda otere adutse m'manja mwa sitolo yokhala ndi layisensi. Vuto la njira imeneyi ndi lakuti munthu amakumana ndi mlendo amene sakudziwa mbiri yake. Consignment ili pakati pa njira ziwirizi: ndalama zimachedwa, koma zimachuluka, ndipo udindo wofufuza wogula umakhala wa sitolo.

Udindo umenewu si wamasewera. Malinga ndi lamulo la Gun Control Act la 1968, aliyense wochita bizinesi yogulitsa mfuti ayenera kukhala ndi layisensi yotchedwa FFL, imene masiku ano imaperekedwa ndi ATF, bungwe la boma loona za mfuti. Mfuti ikangolowa m'sitolo, ngakhale ili ya mwini wake, imalembedwa m'kaundula wa sitoloyo pamodzi ndi nambala yake komanso dzina la amene waibweretsa. Wogula amalemba fomu yotchedwa 4473, ndipo mbiri yake imafufuzidwa kudzera mu NICS, njira imene bungwe la FBI linayamba kuyendetsa mu 1998 potsatira lamulo la Brady la 1993. Sitolo singagulitse mfuti yaifupi kwa munthu wosakwana zaka 21, kapena yaitali kwa wosakwana zaka 18. Ntchito yonseyi, kuphatikizapo malo apashelefu ndi chitetezo cha usiku, ndi imene komishoni, kapena kuti gawo limene sitolo imatapa, imalipira, ndipo ine sindiona cholakwika kuti sitolo itengepo gawo lake.

Pamene pamafunika maso ndi pa kawerengedwe ka gawolo. Masitolo ambiri amatenga peresenti ya mtengo umene mfuti yagulidwira, kawirikawiri pakati pa 10 ndi 25. Tiyerekeze kuti mfuti yalembedwa madola 800 ndipo komishoni ndi 15 peresenti. Ikagulidwa pamtengo umenewo, sitolo itenga madola 120 ndipo mwini wake alandira 680. Wogula akanenerera mpaka 700, sitolo itenga 105 ndipo mwini wake alandira 595. Pa madola 100 amene achotsedwa, sitolo yaluza 15 okha, pamene mwini mfuti waluza 85. Zimenezi sizikutanthauza kuti wogulitsa m'sitolo ndi wachinyengo, koma n'zoonekeratu kuti iye alibe chifukwa chachikulu cholimbira pamtengo, makamaka ngati mfutiyo yakhalitsa ndipo akufuna malo ake. N'chifukwa chake ndimaona kuti chiganizo chofunika kwambiri m'pangano lonse ndi chimene chimatchula mtengo wotsikitsitsa umene sitolo ingavomere popanda kuimbira foni mwini wake. Mtengo umenewu ukangonenedwa pakamwa osalembedwa, mwini mfuti wapereka mphamvu zake zonse kwa munthu amene kutsika kwa mtengo sikumupweteka.

Masitolo ena amachita mosiyana. Amafunsa mwini mfuti ndalama zimene akufuna kulandira m'manja, mwachitsanzo madola 600, kenako amalemba mtengo wawo pamwamba pake ndipo chilichonse chopitirira 600 chimakhala chawo. Munthu wodziwa mtengo weniweni wa mfuti yake amapindula ndi njira imeneyi chifukwa amadziwiratu chimene adzalandire. Koma kwa mayi wamasiye uja ndi yoopsa, chifukwa akatchula 600 pa mfuti yoyenera 1,500, palibe lamulo limene laphwanyidwa, koma wataya ndalama zambiri osadziwa. Mwini sitolo wachilungamo amauza munthu wotere kuti mtengo umene watchula ndi wotsika kwambiri, ndipo ndimalemekeza kwambiri amene amatero.

Nanga mtengo weniweni umadziwika bwanji? Eni masitolo ambiri amayang'ana m'buku la Blue Book of Gun Values, limene limayika mitengo molingana ndi peresenti ya maonekedwe oyambirira amene mfuti yatsala nawo, moti mfuti ya 98 peresenti imasiyana kwambiri mtengo ndi inzake ya 80 peresenti. Amayang'ananso pa GunBroker, msika wa pa intaneti umene unayamba mu 1999, koma chofunika kumeneko ndi mitengo ya mfuti zimene zinagulidwadi, osati imene anthu akungopempha. Mfuti zopezeka paliponse monga Glock 19 sizikwera mtengo, chifukwa wogula amafanizira ndi yatsopano imene ili pashelefu ina m'sitolo yomweyo. Koma Winchester Model 70 yopangidwa chisanafike chaka cha 1964, kapena Colt Python yakale, imene inayamba kupangidwa mu 1955 n'kusiyidwa mu 2005 isanabwererenso mu 2020, ili ndi anthu oisakasaka amene amayang'ana kanthu kalikonse. Kwa anthu amenewa, mfuti yopalidwa dzimbiri ndi sandipepala kapena yopakidwanso mtundu watsopano yatsika mtengo ngakhale ikuwala, choncho wolandira mfuti yamasiye asaikonze asanaionetse kwa odziwa. Bokosi lake loyamba ndi mapepala ake zimawonjezera mtengo. Nyengo nayonso imasintha zinthu: mu 2020, pamene kufufuza kwa NICS kunachitika maulendo opitirira 39 miliyoni, mashelefu anali opanda kanthu ndipo panalibe wogulitsa wofuna kumva za kutsitsa mtengo.

Kumbali ya wogula, kunenerera kumayenda mosiyana malinga ndi mwini wa mfutiyo. Pa mfuti yatsopano phindu la sitolo limakhala lochepa, ndipo makampani ambiri opanga mfuti amaletsa masitolo kulengeza mtengo wotsika kuposa umene iwo anaika, choncho wogula angapeze bokosi la zipolopolo kapena chikwama chonyamulira m'malo mwa kuchotseredwa ndalama. Pa mfuti yakale imene sitolo inagula yokha mpata umakhala waukulu. Pa mfuti ya consignment, wogulitsa angakhale ndi mpata wochepa umene anapatsidwa, ndipo kupitirira pamenepo ayenera kufunsa mwini wake. Wogula wanzeru amayamba wafunsa ngati mfutiyo ndi ya sitolo kapena yosiyidwa, komanso kuti yakhala pashelefu nthawi yaitali bwanji, chifukwa mapangano ena amalola kutsitsa mtengo pakapita masiku 30, 60 kapena 90. Kenako amatchula mtengo umodzi womveka, wokhala ndi chifukwa chake, monga dzimbiri la mkati mwa mpope kapena mng'alu pa thabwa la chogwirira, ndipo amanena kuti ndi wokonzeka kulipira lero. Wogulitsa saimba foni kwa mwini mfuti chifukwa cha munthu wongoyesa madzi. Kulipira ndi ndalama zapamanja kumathandiza, popeza makampani a makhadi amadula sitolo pafupifupi 3 peresenti, ndipo ndi bwino kugwirizana mtengo wotulukira nawo pakhomo, wophatikiza msonkho wa chigawo ndi zolipira zina. Kunyoza mfuti pamaso pa wogulitsa pofuna kuti mtengo utsike sindikuona ngati nzeru, chifukwa iye ndi amene akalankhule m'malo mwanu pafoniyo.

Pangano liyeneranso kunena amene alipire mfutiyo ikabedwa kapena sitolo ikapsa, komanso tsiku limene mwini wake adzalandire ndalama, poti m'zigawo zokhala ndi nthawi yodikira, monga masiku 10 a ku California, malonda satha tsiku limene wogula walipira. Chinthu chimene chimadabwitsa anthu ambiri ndi chimene chimachitika mfuti ikapanda kugulidwa. Popeza inalowa m'kaundula wa sitolo, mwini wake sangangoinyamula n'kumapita: ayenera kulemba fomu 4473 ndi kufufuzidwa mu NICS ngati wogula wina aliyense, ndipo masitolo ena amalipiritsa pa ntchito imeneyi. Akakanidwa, sitolo singamubwezere mfuti yakeyo. Ndipo mwana amene anabwera kumaliro kuchokera kuchigawo china n'kusiya mfuti yaifupi ya bambo ake m'sitolo yapafupi sangaitengenso pakauntala pomwepo. Iyenera kutumizidwa kusitolo yokhala ndi layisensi m'chigawo chimene iye amakhala, ndipo ndalama zotumizira ndi zolandirira kumeneko zidzachoka m'thumba mwake.