Sindinkavina beni ku Nkaya

Popeza alamu anga ayamba kale kulalika m'maukwati ndi m'maliro momwe kuti ndinapezeka ndikuvina beni m'mbali mwa njanji ku Nkaya nditatsala ndi kabudula wamkati yekha, ndaona kuti ndi bwino nkhaniyi imveke kwa mwini wake isanamere nyanga zina. Za kabudulazo sindikutsutsa, koma za beni ndidzazikana ngakhale pabwalo la mfumu.

Gwero lake linali mkangano wa mabogi. Ine ndinanena kuti sitima za malasha zimene zimanyamuka ku Moatize, m'chigawo cha Tete, n'kudutsa m'dziko muno kupita kudoko la Nacala-a-Velha, mtunda wa makilomita 912, zimakhala ndi mabogi 120 okokedwa ndi mitu inayi. Alamu anaseka mpaka kutsamwa, n'kunena kuti sitima yotero mutu wake ungafike ku Liwonde mchira ukadali ku Mwanza. Tinabetcherana tambala wachikuda, ndipo tinagwirizana kuti ndipite ndikawerenge ndekha.

Amene akunditcha wopupuluma adziwe kuti malo ndi nthawi ndinazisankha mwaukatswiri. Nkaya, m'boma la Balaka, ndi pamphambano pamene njanji yatsopano yochokera kumadzulo, yodzera ku Chikwawa, Mwanza ndi Neno, imakumana ndi njanji yakale ya ku Limbe ndi Salima, ndipo ndi pomwenso imayambira ija yopita ku Liwonde ndi Nayuchi, imene inatsegulidwa mu 1970. Mwezi wa Juni ndi wabwino chifukwa chimanga chimakhala chitakololedwa, tchire litayamba kuuma, moti maso amafika patali, komanso m'mawa wozizira mkokomo wa sitima umamveka isanatulukire. Nyengo imeneyi dzuwa limayenda chakumpoto, choncho wofuna kuona bwino aime kumpoto kwa njanji kuti dzuwalo lisamuthobwe m'maso, ndipo popeza sitima yodzaza imalowera kummawa, kuwala kwa m'mamawa kumaigwera kumaso kwenikweni. Chotsala ndi malo okwera, otalikirana ndi njanji, ndipo kumeneko palibe choposa chulu. Zonsezi ndi nzeru zenizeni, ndipo wina aliyense akhoza kuzigwiritsa ntchito popanda kundilipira.

Chimene palibe katswiri wa za njanji anachilembapo n'chakuti mwezi womwewo wa Juni ndi umene chitedze chimakhwima, ndiponso kuti nachonso chimakonda chulu.

Wakabaza ananditula kusanache, ine nditavala juzi, jekete ndi chipewa chaubweya, flasiki ya tiyi m'khwapa, komanso bulangete la mayi a kunyumba, lija amasungira alendo, limene ndinalibwereka iwo ali m'tulo. Mumdima ziyangoyango zonse n'zofanana. Ndinazikankha ndi bulangetelo kuti ndipeze pokhala, kenaka ndinalifunda mpaka m'makutu, n'kukhala pamsonga pa chulu monga munthu amene zinthu zake zonse zili m'malo.

Mkokomo utayamba kumveka, dzuwa litangosuzumira, ndinamva kanthu kakuyenda m'khosi, koma ndinati ndi tsemwe la chisangalalo. Mitu inadutsa, nthaka ikunjenjemera, ndipo ndinayamba kuwerenga mokweza mawu, chala chikuloza bogi lililonse. Pofika pa bogi la 20 khosi linali litayaka moto. Pa 35 bulangete linauluka. Pa 44 jekete ndi juzi zinatsatira, ndipo ndinazindikira kuti ubweya wa chitedze ukalowa m'juzi umapeza abale ake n'kukhazikika. Pa 58 ndinaima, chifukwa moto uja unali utatsikira m'madera amene sindingawatchule pagulu, ndipo buluku ndinalivula osachotsa maso panjanji ngakhale kamphindi, chinthu chimene ndikuona kuti n'choyenera kuyamikiridwa osati kusekedwa. Kupondaponda kumene alamu akukutcha beni kunali kukanda mwendo wina ndi chidendene cha unzake, pakuti dzanja limodzi linali kumsana, linalo likuwerenga.

Pamenepo m'pamene anatulukira agogo ena aamuna, khasu paphewa. Anaima patsinde pa chulu, n'kutula khasu, n'kuvula chipewa, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi mosasonyeza kudabwa kulikonse, ngati kuti anthu osavala owerenga sitima amawapeza pachulupo m'mawa uliwonse.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

Ine ndinaleredwa bwino, ndipo munthu wamkulu sayankhidwa ndi nkhongo. "Ndadzuka bwino, 66, kaya inu agogo, 67?"

Iwo anati adzuka bwino, kungoti nyamakazi imawavuta kukazizira, ndipo anandifotokozera bondo limene limayamba ndi limene limatsatira. Ndinapepesa pa 71. Kenaka anawomba m'manja, ndipo mwambo umafuna kuti nanenso ndiwombe, pamene manja onse awiri anali ndi ntchito yofunika kwambiri kwina. Ndinawomba kamodzi, n'kukanda, n'kuwombanso, n'kuloza bogi, n'kunjuta pang'ono posonyeza ulemu, ndipo ndikuvomereza kuti munthu woonera chapatali akanatha kumva ng'oma m'maganizo mwake. Agogo aja sanafulumire. Anafunsa kumene ndachokera, anafunsa ngati kwathuko chimanga chinachita bwino, anafunsa za mayi a kunyumba, ndipo potsiriza anafunsa kuti ana alipo angati.

"83," ndinatero.

Anakhala chete kwa nthawi, n'kuvalanso chipewa, kenaka n'kuchivulanso. "Mulungu anakukonderani, bambo," anatero motsitsa mawu, "n'chifukwa chake zovala zikuvuta."

Pamene ndinkalongosola kuti ana ndi atatu okha, mabogi anali akudutsabe popanda wowawerenga, ndipo nditabwezera maso panjanji sindinadziwenso ngati 83 anali bogi lapita kapena likubwera. Mchira wa sitima unadutsa ine ndikudzikhula pamtengo wa mthethe, umene uli ndi minga, koma panthawiyo mingayo ndinaimva kukoma. Agogo ndiye anati, "Kodi simunachione chitedzecho?" ndipo anandilangiza kudzipaka dothi louma, zimene ndinachita ndi mtima wonse mpaka ndinayera mbuu. Wakabaza uja anabwera kudzanditenga ndili chotero, ndipo ndinadziwa mochedwa kuti amapemphera mpingo umodzi ndi alamu.

Anyamata ena oweta mbuzi anandiuza kuti iwo amawerenga tsiku ndi tsiku ndipo mabogiwo ndi 120, koma alamu akukana umboni wa ana a mbuzi. Akuti pangano linali lakuti ndiwerenge ndekha, ndipo popeza ndinalekera pa 83, sitimayo ili ndi mabogi 83 mpaka nditapitanso. Tambala akadali kwathu, koma iwo amabwera Loweruka lililonse kudzamuona ngati akunenepa. Bulangete lija lachapidwa kangapo, komabe alendo amene anagona kwathu sabata yatha ananyamuka m'mamawa osadikira phala, ndipo mayi a kunyumba sakundilankhula bwinobwino.