Bizinesi yathu ya njinga pa misewu ya phee ya ku Barcelonnette

Shopu yathu ili ku Barcelonnette, tauni yaing'ono ya m'chigwa cha mtsinje wa Ubaye, kummwera kwa mapiri a Alps m'dziko la France, pamalo okwera mamita pafupifupi 1,135. Timabwereketsa njinga za pa tala, zopepuka zija za mahandulo opindikira pansi, komanso timaperekeza timagulu ta opalasa kukakwera mipata ya m'mapiri, malo okwera amene msewu umadutsira pakati pa nsonga, otchedwa col pa Chifalansa. Njinga zotere munthu angazipeze m'shopu iliyonse ya m'derali. Chimene makasitomala amatilipirira kwenikweni ndi kudziwa msewu umene ulibe phokoso la galimoto, tsiku lake ndi ola lake, ndipo bizinesi yonse tinaimanga pamenepo.

Nyengo ya ntchito ndi yaifupi. Mipata yokwera kwambiri imatsekedwa ndi chipale chofewa m'miyezi yozizira, ndipo yambiri imatseguka chakumapeto kwa Meyi kapena mu Juni n'kutsekedwanso cha mu Okutobala kapena Novembala. Tsiku lenileni limasintha chaka ndi chaka, choncho sitilonjeza kasitomala mpata uliwonse tisanaone chilengezo cha oyang'anira misewu. Ndalama ya chaka chathunthu imayenera kupezeka m'miyezi inayi kapena isanu. China chimene munthu wofuna kuyamba ntchitoyi ayenera kudziwa msanga: ku France sungalandire malipiro poperekeza anthu pa masewera ngati ulibe satifiketi yovomerezeka ndi khadi la boma la mphunzitsi wa masewera. Kubwereketsa njinga ndi malonda wamba, koma kutsogolera gulu kumafuna mapepala amenewa pamodzi ndi inshulansi.

Misewu ya kuno si yonse yomwe ili phee. Msewu wa D900 wodutsa m'chigwa n'kukwera ku Col de Larche ndi umene malole opita ku Italy amadutsamo, ndipo timaupewa. Col de Vars, ya mamita 2,108, ndi yokongola koma m'chilimwe njinga zamoto zimachita kutsatana. Ku phiri la Bonette nakonso zilipo zambiri, chifukwa aliyense amafuna kukajambulitsa pa chizindikiro cha mamita 2,802. Msewu wathu wa tsiku ndi tsiku ndi D902, wopita ku Col de la Cayolle pa mamita 2,326.

Chifukwa chake n'chosavuta. Msewuwo ndi wopanikiza. Ukangodutsa mudzi wa Uvernet umalowa m'zigwembe za mtsinje wa Bachelard, thanthwe mbali ino, madzi akulindima pansi mbali inayo, timilatho tating'ono tikukuwolotsa uku ndi uku. Pali malo amene galimoto ziwiri sizingapatukirane bwino, motero mabasi ndi malole sayerekeza n'komwe, ndipo oyendetsa othamangira kwawo amasankha njira zina. Kuchokera m'tauni kukafika pamwamba ndi makilomita pafupifupi 29, ndipo ukawerengera mtunda wonse chitunda chake ndi cha 4 peresenti yokha, kutanthauza kukwera mamita 4 pa mamita 100 alionse. Mwendo umazolowera pang'onopang'ono. Chigawo chakumtunda chili m'nkhalango yotetezedwa ya Mercantour, imene inakhazikitsidwa mu 1979. Kumeneko phokoso limene umamva ndi la madzi, tcheni cha njinga yako, ndi likhweru la timbira ta m'mapiri totchedwa marmotte, timene timadumpha msewu mosayang'ana.

Kwa amene miyendo yawo ndi yokhwima tili ndi ulendo wozungulira mipata itatu, wa makilomita pafupifupi 120, ndipo zitunda zonse ukaziphatikiza zimapitirira mamita 3,000. Timayamba ndi Cayolle, kutsetsereka mpaka Saint-Martin-d'Entraunes, kukwera Col des Champs ya mamita 2,087, kutsikira ku Colmars, mudzi wozunguliridwa ndi linga lakale, kenako kukwera Col d'Allos kudzera ku La Foux d'Allos n'kubwerera kunyumba. Munthu wamba wokonzeka bwino amakhala pachishalo maola 7 mpaka 9. Timanyamuka 6:30 m'mawa, ndipo pa ola limeneli sitimva zokambirana. Choyamba, alendo a pa galimoto amadzuka mochedwa, moti msewu umakhala wathu mpaka cha m'ma 10 koloko. Chachiwiri, m'chilimwe mvula ya mabingu imakonda kuunjikana masana, ndipo pamwamba pa mpata malo obisalapo ndi osowa. Amene wanyamuka 9 koloko amakafika pa Allos nthawi imene mitambo yada kale bii.

Masiku nawonso timasankha. Lachiwiri mpaka Lachinayi ndiwo abwino. Sabata ya pa 15 Ogasiti, limene ndi tsiku la tchuthi ku France, chigwa chonse chimadzaza, ndiye timalangiza makasitomala kuti abwere kumapeto kwa Juni kapena mu Sepitembala. Kwa zaka zambiri msewu wa Col d'Allos wakhala ukutsekedwa kwa galimoto Lachisanu m'mawa mu Julaye ndi Ogasiti kuti opalasa ayende okha. Dongosolo limeneli timalitsimikizira kaye chaka chilichonse tisanaliike pa ndandanda wathu, chifukwa msewuwo umagumuka kukagwa mvula yambiri ndipo kukonza kwake kumatenga nthawi.

Tsopano za njinga zenizenizo. Zathu zonse zili ndi magiya awiri kutsogolo, a mano 50 ndi 34, ndipo kumbuyo amayambira pa 11 kukafika 34. Ukaika 34 kutsogolo ndi 34 kumbuyo, pedulo ikazungulira kamodzi tayala limazunguliranso kamodzi, njinga n'kuyenda mamita 2.1. Kupalasa ka 70 pa mphindi kumakupatsa liwiro la makilomita pafupifupi 9 pa ola, limene munthu angalisunge maola awiri osaphulika mtima. Makasitomala ena amabwera ndi njinga zawo za magiya a mano 39 kutsogolo ndi 25 kumbuyo, oyenera malo athyathyathya. Pa liwiro lomwelo iwo amapalasa ka 45 kokha pa mphindi, akukankha ngati akusuntha mtondo, ndipo pofika mpata wachiwiri mawondo ayamba kubaya. Amati mphamvu zawathera, chonsecho vuto ndi giya.

Matayala timaika a mamilimita 28, ena 32. Munthu wa makilogalamu 70 timamupopera cha m'ma 5 bar (muyezo wa mphamvu ya mpweya) pa tayala la 28. Kulimbitsa mopitirira apo kumapangitsa njinga kudumphadumpha pa tala wong'ambika ndi chisanu, ndipo pa kona tayala siligwira pansi. Misewu ya phee siikonzedwa kawirikawiri ngati ikuluikulu. Pamakhala timiyala togwa m'thanthwe, ndowe za nkhosa, ndi mchenga wokokoloka. Potsika Col des Champs kulowera ku Colmars timachenjeza gulu za ngalande zamadzi zodutsa pamsewu m'nkhalangomo, pamalo amthunzi pomwe maso saona msanga. Wofika pamenepo akuthamanga amaphulitsa chubu kapena kupinda limu.

Mabuleki ndiwo amatidyera ndalama kuposa chipangizo china chilichonse. Munthu wamantha amagwira buleki osasiya kuyambira pamwamba mpaka pansi, makilomita 15 kapena kuposa. Pa njinga ya mabuleki ogwira limu, limuyo imatentha mpaka chubu n'kuphulika. Pa ya mabuleki a disiki, mapadi amapsa n'kusalala ngati galasi, amalira koma osagwira. Kachitidwe koyenera timakaphunzitsa pabwalo la shopu tisananyamuke: gwira mwamphamvu msewu ukadali wowongoka, siya usanalowe m'kona, lola njinga ipite kuti zitsulo zipume, manja akhale pansi pa mahandulo opindika aja pomwe zala zimakoka bwino. Ife timaika madisiki a mamilimita 160 kutsogolo ndi kumbuyo, timayang'ana mapadi njinga ikangobwerera, ndipo akatsala pansi pa milimita imodzi timataya. Tcheni timachiyeza ndi kachitsulo koyezera, chikatalika ndi 0.5 peresenti timasintha chisanadye magiya akumbuyo, amene ndi odula kuposa tchenicho.

Pali kanthu kena kamene timafunsa aliyense asanakwere: buleki yakutsogolo munaizolowera kudzanja liti? Ku France imakhala kumanzere. Ku Britain ndi m'maiko ambiri oyendetsa kumanzere kwa msewu imakhala kumanja. Munthu akadzidzimuka dzanja limachita zomwe linazolowera, ndipo akhoza kukoka yakutsogolo mwamphamvu akuyesa yakumbuyo. Wochokera ku Malawi, Zambia kapena South Africa timamukumbutsanso kuti kuno timayenda kumanja. Chodabwitsa n'chakuti kuiwala kumachitika pa msewu wopanda galimoto, munthu akanyamuka atapuma, chifukwa palibe womutsanzira. Pa kona yobisika ya Allos, pomwe mbali inayo kuli phompho, kukhala kumanzere kwa masekondi asanu n'kokwanira kukumana ndi galimoto maso ndi maso. Potsika pomwepa ndi pamene mpikisano wa njinga wa Tour de France unadutsa mu 1975, tsiku limene wopalasa Bernard Thévenet anapitirira katswiri Eddy Merckx pa chitunda cha Pra-Loup, pamwamba pa tauni yathu. Makasitomala amakonda kumva nkhaniyi, koma timawakumbutsa kuti aja msewu anali atawatsekera.

Bata la msewu lili ndi mtengo wake. Komwe kulibe galimoto kulibenso golosale, netiweki ya foni imasowa m'zigwembe, ndipo ukaphwetsa tayala ukhoza kudikira nthawi yaitali osaona munthu. N'chifukwa chake njinga iliyonse imachoka m'shopu ndi machubu awiri, zitsulo zotsegulira tayala, pampu yapamanja, kachida ka masipanala ndi cholumikizira tcheni. Mabotolo amakhala awiri, ndipo timawerengera theka la lita kapena kupitirirapo pa ola. M'midzi muli mipopi ya madzi a m'kasupe, koma pamene palembedwa kuti "eau non potable" osamwa. Chakudya timati munthu azidya kachinthu mphindi 30 zilizonse, nthochi kapena buledi wa jamu, asanamve njala. Masitolo a m'midzi yaing'ono amatseka masana kwa maola angapo, ndipo amene wadalira kukagula panjira amapeza chitseko chili chotseka. Nambala ya ngozi ndi 112. Gulu lathu silipitirira anthu asanu ndi mmodzi, chifukwa pa chitunda cha maola awiri anthu amamwazikana, ndipo woperekeza mmodzi sangaone wakutsogolo ndi wakumbuyo nthawi imodzi.

Kuzizira kumapusitsa anthu ambiri. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 alionse okwera, kutanthauza kuti pamwamba pa Bonette pamazizira ndi madigiri ngati 11 kuposa m'tauni. Onjezanipo malaya onyowa ndi thukuta ndi mphepo ya potsika, zala zimauma n'kulephera kukoka buleki. Wopanda jekete yotchinga mphepo ndi magolovesi aatali sitimupatsa njinga yopita pamwamba, ngakhale kunja kuli dzuwa loswa mtengo. Lamulo la kuno limaletsanso kupalasa utavala zomvera m'makutu, ndipo kunja kwa tauni kukachita nkhungu kapena mdima pamafunika chovala chowala.

Agalu a nkhosa tisawaiwale. Mimbulu inabwerera ku Mercantour mu 1992, ndipo abusa amaweta agalu akuluakulu oyera otchedwa patou olondera ziweto. Galuyo akakuthamangira, kuthawa n'kumuputa. Imani, tsikani, ikani njinga pakati pa inu ndi iye, osamuyang'anitsitsa m'maso, mulankhuleni modekha. Akanunkhiza n'kukhutira amabwerera yekha. Ndipo osadula pakati pa gulu la nkhosa, dikirani lidutse.

Mipata ikatsekedwa timamasula njinga iliyonse mpaka pa felemu, kuyang'ana ming'alu pansi pa chishalo ndi pa foloko, kusintha mafuta a mabuleki, mawaya a magiya ndi tepi ya pa mahandulo. Zimene zayenda nyengo ziwiri timazigulitsa, ndipo ndalama yake ndi imene imaoda zatsopano. Oda timaitumiza chaka chisanathe, chifukwa masaizi apakati, amene makasitomala ambiri amafuna, ndiwo amayamba kutha kwa ogulitsa.