Chipinda chodyera chimene mlendo amayendamo ndi mbale m'manja

Mwa zipinda zonse za m'hotela yapamwamba, chimene chimandichititsa chidwi kwambiri ndi chodyeramo cha buffet, kumene mlendo amanyamuka pampando, n'kutenga mbale, n'kukadzigawira yekha chakudya. M'malesitilanti ena munthu amangokhala pansi ndipo zonse zimamupeza pomwepo. Kuno mlendo amayenda kangapo, atanyamula mbale yotentha, maso ali pa chakudya osati pamene akuponda. N'chifukwa chake ndimakhulupirira kuti ubwino wa chipinda chotere uyenera kuyezedwa poyang'ana mmene munthu ameneyu akuyendera, tisanayambe kugoma ndi miyala yonyezimira kapena nyale zolendewera kudenga.

Kadyedwe aka kanatchuka ku America pamene dziko la Sweden linaonetsa tebulo lake la smörgåsbord, loyalidwa zakudya zosiyanasiyana zodzigawira wekha, pa chionetsero cha New York World's Fair mu 1939, ndipo m'zaka za m'ma 1940 mahotela a ku Las Vegas anayamba kukopa nako alendo. Kwa zaka zambiri zakudya zinkayalidwa pa tebulo limodzi lalitali, anthu n'kumatsatizana pamzere. Vuto la mzere ndi lakuti onse amayenda pa liwiro la munthu wozengereza kwambiri, moti wofuna zipatso zokha amadikira kumbuyo kwa amene akusankha nyama. Mlendo amene walipira ndalama zambiri sayenera kuima ngati ali pamzere wa kuchigayo.

Okonza zipinda masiku ano anaduladula tebulo lalitali lija n'kuyala zakudya pamalo angapo otalikirana: pena zowotcha, pena nsomba ndi zina za m'nyanja, pena buledi, pena zotsekemera. Munthu amatha kufika pamalo alionse kuchokera mbali iliyonse. Chitsanzo chodziwika ndi Bacchanal Buffet ya ku hotela ya Caesars Palace, ku Las Vegas, imene inatsegulidwa mu 2012 ili ndi makhitchini 9 oonekera komanso mipando pafupifupi 600, ndipo inakonzedwa ndi kampani ya ku Japan yotchedwa Super Potato. Chimene ndimayamikira pa khitchini yoonekera n'chakuti wophika amakonza chakudya pang'onopang'ono pamaso pa alendo, motero sichikhalitsa m'mbale mpaka kuuma. Komabe moto ukabwera m'chipinda chodyera umabwera ndi utsi wake, ndipo ngati makina okoka utsi ali ofooka, alendo amatuluka zovala zikununkha mafuta, makatani ndi mipando nazonso n'kugwira fungo limene silichoka.

Kuwala ndi nkhani imene ambiri amaiphonya. Nyale zoyera mopitirira zimachititsa nyama kuoneka yotuwa ndipo nkhope za anthu zimaoneka zotopa. Akatswiri amakonda kuwala kofiirira pang'ono, kwa pakati pa 2700 ndi 3000 Kelvin (muyezo wa mtundu wa kuwala), kochokera ku nyale zimene zimaonetsa mitundu ya zinthu mmene ilili. Pamene pali chakudya payenera kuwala kwambiri kuposa pamene pali matebulo, kuti mlendo akangolowa pakhomo adziwe kolowera popanda womulozera. Ndiponso chipinda chomwecho chimadyetsa anthu kadzutsa ndi chakudya chamadzulo, choncho nyale ziyenera kukhala zotheka kuwonjezera ndi kuchepetsa, kuti m'mawa mukhale mowala bwino ndipo usiku mukhale mwabata.

Pali zina zimene wokonza sangasinthe ngakhale atafuna. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti chakudya chotentha chisungidwe pamwamba pa madigiri 60 Celsius, ndipo chozizira chikhale pansi pa madigiri 5. Kale izi zinkachititsa kuti tebulo lidzaze ndi ziwiya zazikulu zachitsulo zokhala ndi moto kunsi, koma tsopano mbaula zamagetsi za induction, zimene zimatenthetsa mphika popanda moto, zimabisidwa pansi pa mwala wa kauntala, ndipo mlendo amangoona mphika wokongola utakhala pamwala. Galasi loteteza chakudya ku mpweya ndi chifuwa cha anthu, limene Johnny Garneau wa ku America analembetsa kuboma monga luso lake mu 1959, liyenera kukhalapobe. Luso lagona pa kuliika mwa njira yakuti lisatchinge dzanja kapena kuthwanimira m'maso.

Phokoso ndilo limandidetsa nkhawa kuposa zonsezi. Miyala, magalasi ndi zitsulo zimakongola pazithunzi, koma zimabweza phokoso la masipuni, mbale ndi mawu a anthu mazanamazana, mpaka anthu okhala tebulo limodzi amayamba kukuwa kuti amvane. Hotela imene imalemekeza alendo ake imaika matabwa ndi nsalu zomeza phokoso kusiling'i ndi m'makoma, imayala kapeti kumene kuli matebulo, ndipo pafupi ndi chakudya imaika matailosi osaterera chifukwa msuzi sulephera kudontha. Kugawa chipinda chachikulu m'tizigawo tating'ono kumathandizanso kuti banja likhale momasuka.

Ngakhale kukula kwa mbale ndi mbali ya ntchitoyi. Ofufuza a ku Norway anasonyeza mu 2013 kuti mahotela atachepetsa pang'ono kukula kwa mbale, chakudya chotayidwa chinachepa ndi pafupifupi 20 peresenti, popanda alendo kudandaula.

Ndimafunitsitsanso kuti okonza aziganizira munthu woyenda pa njinga ya anthu aulumali, mwana, ndi wokalamba woyendera ndodo. Kauntala yotalika kwambiri, mbale zoikidwa patali mkati, ndiponso njira yopanikiza pakati pa mipando zimachititsa kuti anthu otere azidalira ena pamalo amene anakonzedwa kuti aliyense adzisankhire yekha. Njira ya operekera zakudya, amene amachotsa mbale zakuda ndi kubweretsa miphika yodzaza, iyenera kudutsa kumbuyo kwa makauntala, kuti asamadutsane ndi mlendo amene wanyamula supu yotentha.