Zimene misewu ndi mabala a mowa akale a mu York amakumbukira

Tsiku loyamba limene ndinayenda pansi mu mzinda wa York, kumpoto kwa England, mapu amene ndinali nawo m'manja anandisokoneza, chifukwa misewu yambiri ya pakati pa mzindawo ili ndi mayina othera ndi mawu akuti "gate", ndipo ine ndinkayembekezera kuona chipata paliponse pamene mawuwo alembedwa. Ndinadzamva pambuyo pake kuti mawuwa anabwera ndi ma Viking a ku Scandinavia, amene analanda mzindawu m'chaka cha 866 n'kuutcha Jorvik, ndipo m'chinenero chawo "gata" unali msewu. Zipata zenizeni za linga la mzindawu zimatchedwa "bar", monga Micklegate Bar ndi Monk Bar, mawu amene sakukhudzana n'komwe ndi mowa.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti mayina ambiri a misewuyi amakumbukira anthu wamba ndi ntchito za manja awo, anthu amene palibe anawaimikira chipilala. Coppergate, umene alendo ambiri amaganiza kuti ukunena za mkuwa ("copper" m'Chingelezi), unali msewu wa amisiri osema zikho ndi mbale zamitengo. Akatswiri atafukula malowo pakati pa 1976 ndi 1981, anapeza zotsalira za nyumba zamatabwa, nsapato zachikopa, zipeso ndiponso zidutswa za mitengo zotayidwa ndi osemawo, zonse zitasungika m'nthaka yachinyezi. Dzinali linakhala likunena zoona kwa zaka pafupifupi 1,000 popanda umboni wooneka, mpaka nthaka inadzalivomereza. Swinegate nawo umakumbutsa za nkhumba zimene zinkasungidwa m'deralo.

Msewu umene ndinachedwamo kwambiri ndi Shambles, wa ogulitsa nyama. Ndi wopapatiza zedi, ndipo nyumba zake zosanja zinasendera kutsogolo m'mwamba moti zina zimatsala pang'ono kukhudzana, zimene zinkathandiza kuti dzuwa lisawombe nyama. Ndinaika dzanja pa thabwa lalikulu la pansi pa zenera lina, pamene kale ankayalapo nyama yogulitsa, ndipo nditakweza maso ndinaona ngowe zachitsulo zikadali m'malo mwake, ngakhale kuti lero m'sitoloyo mukugulitsidwa mphatso za alendo. Dzina la msewuwu linachokera ku mawu akale otanthauza matabwa omwewo. Muno ndi momwe munkakhala Margaret Clitherow, mkazi wa wogulitsa nyama, amene anaphedwa mu 1586 atakana kuyankha mlandu wobisa ansembe a Katolika.

Mabala nawo ali ndi kaundula wawo, wolembedwa pa zikwangwani. M'chaka cha 1393 Mfumu Richard II inalamula kuti aliyense wogulitsa mowa apachike chizindikiro panja, kuti oyang'anira ubwino wa mowa azipeza malowo mosavuta, ndipo popeza anthu ambiri sankadziwa kuwerenga, chizindikirocho chinkakhala chithunzi cha nyenyezi, mbalame, mkango kapena mtengo, mpaka chithunzicho chinasanduka dzina la bala. Royal Oak, dzina lopezeka mu Goodramgate ndiponso m'matauni ambiri a ku England, limakumbutsa mtengo umene Mfumu Charles II inabisalamo mu 1651 itagonja pa nkhondo ya ku Worcester. Black Swan ya ku Peasholme Green inayamba ngati nyumba ya banja la amalonda olemera m'zaka za m'ma 1400, ndipo inadzasanduka malo omwera mowa patapita mibadwo.

Bala limene ndinalikonda koposa ndi Ye Olde Starre Inne, limene mbiri ya laisensi yake imafika mpaka ku 1644, chaka chimene asilikali a Nyumba ya Malamulo anazinga York pa nkhondo yapachiweniweni. Silioneka ukamayenda mu Stonegate, chifukwa nyumba zina zinamangidwa kutsogolo kwake, ndipo n'chifukwa chake mu 1733 mwini wake anapachika chikwangwani chachitali chodutsa pamwamba pa msewu wonse, kuchokera ku khoma la mbali ino kukafika ku la tsidya linalo. Chikwangwani chotero chidakalipo mpaka lero. Ndimamva chisoni ndikamva kuti eni ake atsopano a mabala ena amachotsa dzina lakale n'kuikapo lokopa makasitomala, pakuti dzina limene lakhala zaka mazana ambiri ndi la anthu onse a m'tauni, ngakhale amene samwa mowa, poti ndi limene amalondolerana nalo njira. Ine ndemwe ndinapeza balali potsatira chikwangwanicho, ndinalowa m'kanjira kamdima kokwana anthu awiri okha, ndipo ndinatulukira pabwalo laling'ono pamene nsanja za tchalitchi chachikulu cha York Minster zimaonekera pamwamba pa madenga.